Musaitaye wotchi ya feki, itseguleni

Wotchi yanga yoyamba inali "Rolex". Musaseke msanga. Ndinaigula ndili Fomu 3, ndi ndalama za ganyu wa tchuthi chonse, zimene mayi anga ankadziwa kuti ndikagulira nsapato za kusukulu. Venda wina m'tauni anaiika padzuwa kuti inyezimire, n'kundiuza kuti, "Achimwene, iyi ndi orijino, yangofika kumene kuchokera ku Joni. Olo musambe nayo, madzi salowa." Ndinabwerera kuno ku Midzemba nditapinda malaya mpaka m'chigongono kuti aliyense aione.

Ulemerero wake unatha pa milungu itatu yokha. Choyamba "golide" uja anayamba kusupuka m'mbali, ndipo pamkono panga panatsala mzere wobiriwira. Kenako tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinaona kuti galasi lachita nkhungu mkati. Patangopita masiku awiri mivi inaima, osasunthanso.

Ndinapita nayo kwa amalume anga, amene ankakonza mawailesi pakhonde pawo. Anaitembenuza, n'kuseka pang'ono. "Mphwanga, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma usaitaye. Khala apa tione chimene wagula." Anatsegula chivundikiro chakumbuyo ndi kampeni. Mkati munali mphete ya pulasitiki yoyera yongodzaza malo, ndipo pakati pake panali kamakina kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Ndinakhumudwa. Koma amalume anandipatsa galasi lokulitsira zinthu, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo n'zimene zinandichititsa kuti ndiyambe kukonda Fizikisi.

Lero ndili ndi chitini chodzaza mawotchi otere, ambiri ochita kupatsidwa atafa kale. Maganizo anga ndi awa: kugula wotchi ya feki chifukwa cha dzina lolembedwa pankhope yake n'kutaya ndalama, ndiponso n'kuzolowera kunamizidwa. Koma wotchi ya feki imene yafa kale, yomwe ili m'kabati kapena m'basiketi ya zinyalala kwanu, ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri zophunzirira sayansi zimene mwana wa sukulu angapeze. Dzina lili kunjalo ndi bodza. Zamkatimo sizinganame, chifukwa zikanama wotchiyo siyenda.

Kamwala kamene kamawerenga nthawi

Mukatsegula wotchi ya batire, ya feki kaya yeniyeni, mupezamo zinthu zinayi zofunika: batire, kachitini kasiliva kotalika ngati njere ya mpunga, waya wa mkuwa wokulungidwa mothinana, ndi timagiya tating'ono. Palinso kachipangizo kowerengera kobisika pansi pa kadontho kakuda.

M'kachitini kasiliva muja muli kamwala ka quartz. Quartz si chinthu chachilendo kwa ife. Mchenga wa mumtsinje uli nayo yambiri, ndipo miyala yambiri yoyera yolimba ija timati nsangalabwi ndi ya mtundu womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti ya m'wotchi amachita kuikuza m'fakitale kuti isakhale ndi zitsotso, kenako amaidula kuti ikhale ndi timiyendo tiwiri ngati kamphanda.

Mu 1880, abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti ukafinya quartz imatulutsa mphamvu yamagetsi pang'ono. Posakhalitsa zinadziwikanso kuti zimachitika mbali zonse ziwiri: ukaipatsa magetsi, imapindika pang'ono. Khalidwe limeneli amalitcha piezoelectric effect. Ndiye batire ikapereka magetsi, timiyendo tija timayamba kunjenjemera, ndipo chifukwa cha kukula kwake ndi mmene anatidulira, timanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji nambala yovuta choncho? Bwanji osangoti 30,000? Tengani cholembera. Gawani 32,768 ndi 2, mupeza 16,384. Gawaninso, 8,192. Pitirizani: 4,096, 2,048, 1,024, 512, 256, 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Mwagawa ka 15 ndipo mwafika pa 1 ndendende, popanda chotsala. Izi zili choncho chifukwa 32,768 ndi 2 wochulukitsidwa yekhayekha ka 15, ma indices omwe aja timadandaula nawo m'kalasi ya masamu. Kachipangizo kamagetsi kogawa ndi 2 n'kosavuta kupanga ndipo sikadya batire. Ukalumikiza 15 totere motsatizana, kumapeto kwake kumatuluka kugunda kumodzi pa sekondi. Palinso chifukwa china: khutu la munthu limamva mpaka pafupifupi 20,000 hertz, choncho 32,768 ili pamwamba pa zimene tingamve. Ikanakhala 16,384, achinyamata a makutu akuthwa bwenzi mwina akumva kulira pamkono tsiku lonse.

Nkula wamng'ono pamkono

Kugunda kumodzi pa sekondi kuja kumapita ku waya wokulungidwa. Magetsi akadutsa mu waya wotere, umasanduka maginito kwa kanthawi. Pafupi pake pali kamaginito kozungulira kakang'ono kwambiri, ndipo kugunda kulikonse kumakatembenuza theka la mzungulire. Timagiya timatenga kutembenukako n'kukupereka ku muvi wa masekondi, kenako wa mphindi, kenako wa maola. N'chifukwa chake muvi wa masekondi wa wotchi ya batire umadumpha kamodzi pa sekondi, tiki, tiki, tiki.

Ife a ku Neno tili ndi chitsanzo chachikulu pafupi. Ku Nkula, pa mtsinje wa Shire, makina oyamba opangira magetsi anayamba kugwira ntchito mu 1966. Kumeneko madzi amatembenuza maginito pafupi ndi mawaya okulungidwa, magetsi n'kutuluka, potsatira zimene Michael Faraday anapeza mu 1831. M'wotchi zinthu n'zomwezo koma zayenda chobwerera: magetsi amalowa mu waya, maginito n'kutembenuka. Ku Nkula kuli jenereta, pamkono panu pali mota. Ambiri a ife sitinalowepo m'nyumba ya makina ku Nkula, koma aliyense angathe kuona mota ya wotchi ikudumpha pansi pa galasi lokulitsira.

Feki imene imaposa orijino

Apa ndiye pali nkhani imene imadabwitsa anthu. Ma Rolex amene akupangidwa masiku ano alibe batire. Amayenda ndi sipuling'i yokulungidwa imene imamasuka pang'onopang'ono, ndipo kagudumu kena kamapita uku ndi uku kuwongolera liwiro. M'mawotchi awo ambiri kagudumuka kamagunda ka 28,800 pa ola. Gawani ndi 3,600, mupeza 8 pa sekondi. Ndiye muvi wa masekondi umaoneka ngati ukungotsetsereka, osadumpha. "Rolex" yanga ija inkadumpha tiki, tiki, ndipo munthu wodziwa akanaizindikira ali patali. Chenjerani pang'ono: alipo ma feki odula amene nawonso amaikamo makina a sipuling'i, choncho muvi wotsetsereka si umboni wokwanira woti wotchi ndi yeniyeni.

Tsopano tiyeni tiyerekeze. Kampani ya Rolex imalonjeza kuti wotchi yake singatsogole kapena kutsalira kuposa masekondi 2 pa tsiku. Pa makina a sipuling'i zimenezo n'zapamwamba zedi. Koma pa masiku 30 zikhoza kukwana masekondi 60. Makina wamba a quartz opangidwa bwino nthawi zambiri amaphonya masekondi 15 kapena 20 pa mwezi. Mwaona? Kamakina kotsika mtengo kakhoza kusunga nthawi bwino kuposa wotchi ya madola masauzande ambiri. Chifukwa chake n'chosavuta: chinthu chonjenjemera mofulumira kwambiri, chopepuka, chotsekeredwa m'kachitini, sichisokonezedwa kwenikweni ndi kugwedezeka kwa mkono kapena mmene mwaigonekera wotchi usiku.

Zimenezi zinagwedeza dziko. Wotchi yoyamba ya quartz inapangidwa mu 1927 ku Bell Telephone Laboratories ku America ndi Warren Marrison ndi J. W. Horton, ndipo inali chimakina chachikulu cha mu labu. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyamba ya quartz yapamkono, pa mtengo wa mayeni 450,000, wofanana ndi wa galimoto nthawi imeneyo. Patangopita zaka zochepa mitengo inagwa kwambiri. Ku Switzerland, kwawo kwa mawotchi a sipuling'i, anthu ogwira ntchito yopanga mawotchi anatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30,000 m'zaka za m'ma 1980.

Choncho munthu wogula Rolex lero sakulipirira nthawi yolondola yokha ayi. Akulipirira luso la amisiri, zitsulo zabwino, makina otha kukonzedwa kwa zaka makumimakumi, komanso dzina. Wopanga feki sangabe lusolo kapena zitsulozo, chifukwa n'zodula. Chimene angabe ndi dzina basi, chifukwa kudinda zilembo zisanu pankhope ya wotchi sikudya ndalama. Ukagula feki chifukwa cha dzina, walipirira chinthu chokhacho chimene chili chabodza pa wotchiyo.

Kumene feki imagwidwira

Ngati kamakina kali bwino, nanga n'chifukwa chiyani yanga inafa pa milungu itatu? Chifukwa opanga feki amabera pa zinthu zimene wogula saziona tsiku logula.

Tiyambe ndi chitsulo. Mawotchi abwino amapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ambiri ndi mtundu wotchedwa 316L, ndipo Rolex amagwiritsa ntchito 904L. Chitsulo chotere chili ndi chromium, amene amagwirizana ndi mpweya wa oxygen n'kupanga kakhungu kosaoneka kotchinga dzimbiri. Ma feki otsika mtengo nthawi zambiri amakhala a zinki kapena mkuwa wosakaniza ndi zinki, ongokutidwa ndi kautoto kachitsulo kopyapyala kwambiri. Thukuta lathu lili ndi mchere ndi timaasidi. Kakhungu konyezimira kaja kakatha, thukuta limakumana ndi mkuwa n'kupanga mchere wa mkuwa, umene ndi wobiriwira. Mzere uja unali pamkono panga unali Kemisitiri yeniyeni. Anthu ena khungu lawo siligwirizana ndi nickel, amene amapezeka m'zokutira zambiri zotere, ndipo amatuluka totupa toyabwa. Zikakuchitikirani, vulani wotchiyo, musalimbane nayo.

Chachiwiri ndi madzi. Pankhope ya wotchi yanga panalembedwa kuti imapirira mpaka mamita 300 pansi pa madzi. Mamita 10 aliwonse a madzi amawonjezera kukanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. Ndiye pa mamita 300 kukanikizako kwawonjezeka ka 30. Wotchi yopirira zimenezo imafuna galasi lochindikala, chivundikiro chomanga ndi mazinga, ndi mphete za labala pamalo alionse pamene madzi angalowere. Yanga inalibe mphete ngakhale imodzi. Madzi a pamjigo analowa pakachitsulo kosinthira nthawi, kutentha kwa mkono kunawasandutsa nthunzi, nthunziyo inakafika pagalasi lozizirirapo n'kubwerera kukhala timadontho. Ndiyo nkhungu ija. Madzi omwewo anadyetsa dzimbiri pamene batire imakhudzira, magetsi n'kuleka kudutsa.

Chachitatu ndi galasi. Pa sikelo ya kulimba ya Mohs, imene imayambira 1 kufika 10, galasi wamba lili pakati pa 5 ndi 6, quartz ili pa 7, ndipo sapphire wa mawotchi odula ali pa 9. Chinthu cha nambala yaikulu chimakanda cha nambala yaing'ono. Fumbi la m'misewu yathu lili ndi timchenga ta quartz, n'chifukwa chake galasi wamba limachita mikwingwirima likamapukutidwa ndi malaya afumbi, pamene la sapphire limakhalabe loyera.

Ndipo yang'anitsitsani timawotchi ting'onoting'ono titatu timene timakhala pankhope ya ma feki ambiri. Kawirikawiri mivi yake amangoimata ndi guluu, ndipo mabatani a m'mbali salumikizana ndi chilichonse.

Kuyesa koona ndi kuyesa kongodzinamiza

Mnzanga wina anandiuza kuti ali ndi njira yodziwira golide weniweni: kuyandikiza maginito. "Ikapanda kumata, ndi golide," anatero. Taganizani bwino. N'zoona kuti golide samata ku maginito. Koma mkuwa sumatanso, zinki samata, ngakhale chitsulo cha 316L sichimata kwenikweni. Choncho lamba wa "golide" akamata, mwadziwa kuti si golide. Akapanda kumata, simunadziwe kalikonse. Limeneli ndi phunziro lalikulu la sayansi: kuyesa kwabwino ndi kumene kumasiyanitsa zinthu zimene mukuzikayikira. Komanso musayandikize maginito amphamvu, monga a m'sipika ya wailesi, ku makina a wotchi, chifukwa amasokoneza kamota kaja.

Kuyesa kwabwinoko ndi kwa density, kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chatenga. Golide weniweni amalemera magalamu 19.3 pa cubic centimetre imodzi, mkuwa wosakaniza ndi zinki pafupifupi 8.5, chitsulo chosachita dzimbiri pafupifupi 8, ndipo zinki pafupifupi 7.1. Chotsani lamba wachitsulo, mumuyeze pa sikelo ya mu labu, mumuviike mu measuring cylinder, muone mmene madzi akwerera, kenako mugawe kulemera ndi kuchuluka kwa madzi amene akwerawo. Gwedezani kaye kuti timpweya tobisala m'mfundo za lamba tituluke, apo ayi yankho likhala lotsika. Ngakhale golide wa 18 karat, amene magawo atatu mwa anayi okha ndiwo golide, amafika pafupifupi 15. Mukapeza 7 kapena 8, nkhani yatha. Ndi njira yomwe ija ya Archimedes ndi chisoti cha mfumu, yogwirabe ntchito patatha zaka zoposa 2,000.

Kuikonza

Mawotchi ambiri amene anthu amati afa amakhala kuti batire yatha kapena polumikizira pachita dzimbiri. Zida zake si zambiri: mbale yoyera yogwirirapo ntchito kuti tizitsulo tisasowe, kampeni kosathwa kwambiri, sikuludiraiva yaing'ono, galasi lokulitsira, ndi kamtengo kotokosera m'mano. Funani kampata m'mbali mwa chivundikiro, lowetsani kampeni, kwezani pang'onopang'ono mpeni ukuloza kutali ndi zala zanu.

Werengani zimene zalembedwa pa batire musanagule ina. Yofala kwambiri ndi SR626SW, imene ena amaitcha 377. Zilembozo zili ndi tanthauzo. S akutanthauza silver oxide, ya mphamvu ya 1.55 volts. 6 woyamba akuimira kutambalala kwa mamilimita 6.8, ndipo 26 ndi kuchindikala kwa mamilimita 2.6. Pamsika mupezanso LR626 kapena AG4, yofanana kukula koma ya alkaline. Imakwana, imayendetsa wotchi, ndi yotsika mtengo, koma mphamvu yake imatsika msanga ndipo imakonda kutayikira. Ufa woyera umene mumaupeza m'mawotchi akale ndi umenewo. Upaleni ndi kamtengo kaja, osaugwira ndi zala kapena kuupepera m'maso, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Malamulo awiri musaiwale. Loyamba, musagwire batire ndi kachitsulo kopanira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mwalumikiza mbali ya + ndi ya − mwachindunji ndipo batire ikutha pachabe. Lachiwiri, musakhudze waya wokulungidwa uja. Ndi wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo mpeni ukangoterereka n'kuukanda, wotchi yafa zenizeni. Ineyo ndinapha atatu ndisanaphunzire kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ubwino wake n'ngwakuti anali akufa kale, palibe amene analira.

Chenjezo limodzi ndi lalikulu kuposa onse. Timabatire timeneti tisamasiyidwe pamene pali ana aang'ono. Mwana akameza, makamaka ija yotambalala ya lithium ya 3 volts monga CR2016, ikhoza kukakamira kummero n'kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Zikachitika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ituluka yokha ndipo osamukakamiza kusanza. Mabatire otha asungeni m'botolo lotseka bwino, ndipo musawaponye pamoto.

"Nanga si muli ndi foni?"

Ndikudziwa zimene ena anene. Woyamba ati, masiku ano nthawi timaonera pa foni. Zoona. Koma m'chipinda cholembera mayeso a MANEB foni silowa. Taganizani pepala la maola awiri la mamakisi 100: makisi iliyonse ili ndi sekondi 72 zokha. Wophunzira wosadziwa kuti nthawi yatsala bwanji amathera theka la ola pa funso limodzi, kenako n'kusiya mafunso osavuta kumapeto. Wotchi wamba yodalirika ndi chida cha mayeso ngati rula. Ndipo chimene mukufuna tsiku limenelo ndi yoyenda bwino, osati yonyezimira.

Wachiwiri ati, feki ikulakwira ndani? A Rolex ndi olemera kale, sangamve n'komwe kuti ku Midzemba kuli mnyamata wavala dzina lawo. Mwina n'zoona kuti sangamve. Koma wobedwa woyamba si iwo, ndi wogula. Ine ndinayenda teremu yonse ndi nsapato zong'ambika. Ndipo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi. Munthu akazolowera kuti zolembedwa pa katundu sizifunika kukhala zoona, amakhala wosavuta kumugulitsa mbewu yachimanga yongopakidwa utoto, feteleza wosakaniza ndi mchenga, kapena mankhwala opanda mphamvu. Pa wotchi umataya ndalama ya nsapato. Pa mbewu banja limataya chaka chonse. Pa mankhwala munthu akhoza kutaya moyo. N'chifukwa chake dziko lili ndi mabungwe monga Malawi Bureau of Standards. Koma sangaime pa msika uliwonse, ndipo woyesa woyamba ndi wogula amene amafunsa kuti, ndidziwa bwanji?

Wachitatu ati, nanga inuyo si mukulimbikitsa feki pozisonkhanitsa? Funso labwino. Yankho langa n'lakuti sindigula zatsopano, ndimatola zakufa. Ndikaikonza ndimabwezera mwini wake kapena kupatsa wophunzira amene alibe, ndipo ndimamuuza poyera kuti dzina lili apoli si lake. Kugulitsa feki ngati yeniyeni ndi kuba, olo mutaikonza bwino chotani. Ngati muli ndi ndalama yogulira wotchi, gulani yosadzitama: yopanda dzina lalikulu, kapena ya kampani imene imalembadi dzina lake. Casio F-91W, imene inatuluka mu 1989, ndi ya pulasitiki, yosanyezimira, koma kampani yake imalonjeza kuphonya kosaposa masekondi 30 pa mwezi ndi batire ya zaka pafupifupi 7. Chomvetsa chisoni n'chakuti nayonso anthu amaikopera. Mukadina batani lakumanja kwa masekondi atatu, yeniyeni imaonetsa mawu oti CASIO, ngakhale kuti ena opanga feki anaphunziranso kukopera zimenezo.

Ntchito ya masiku 30

Musangokhulupirira zimene ndanenazi. Pezani wotchi ya batire iliyonse, ya inu kapena yobwereka. Pezaninso foni imene imatenga nthawi yokha kuchokera ku netiweki, yoikidwa kuti izionetsa masekondi. Linganizani ziwirizi tsiku loyamba. Kenako tsiku lililonse, nthawi yofanana, lembani m'kope kuti wotchi yatsogola kapena yatsalira masekondi angati. Musaisinthe mpaka masiku 30 atakwana. Jambulani girafu, masiku m'munsi, masekondi m'mbali. Mukapeza mzere wowongoka, gradient yake ndiyo kuphonya kwa wotchi yanu pa tsiku.

Tiyerekeze kuti yatsogola masekondi 12. Masiku 30 ali ndi masekondi 2,592,000. Ndiye yaphonya pafupifupi magawo 5 pa miliyoni. Zili ngati kuyeza mtunda wa kilomita imodzi n'kulakwitsa ndi theka la sentimita. Ndi chipangizo chiti china m'nyumba mwanu cholondola chonchi?

Amene akufuna kupitirira, yesani kutentha. Kamwala ka m'wotchi kanadulidwa kuti kazithamanga bwino kwambiri pa madigiri pafupifupi 25. Kukatentha kuposa pamenepo kamachedwa, kukazizira kamachedwanso. Kuchedwako kumatsata sikweya ya kusiyana kwa kutentha: pa madigiri 35 kapena 15 wotchi imataya pafupifupi sekondi imodzi pa masiku atatu, koma pa madigiri 45 imataya kuwirikiza kanayi. Girafu yake ndi parabola yoyang'ana pansi, yomwe ija ya ma quadratic. Yesani mu Juni, muyesenso mu Okutobala, kapena yerekezani yovala pamkono ndi yosiyidwa pawindo. Mukakhala angapo m'kalasi, wina aliyense ndi wotchi yake, muona msanga kuti dzina la pankhope silikuuzani chilichonse za mzere wa pa girafu.

"Rolex" yanga ija ilipobe m'chitini. Amalume anapala dzimbiri, n'kuika batire ina, ndipo inayendanso. Golide yense anatha, chikuoneka tsopano ndi chitsulo chotuwa. Ndinalowa nayo m'mayeso a MSCE nditaikulunga m'kapepala ka pulasitiki poopa mvula, ndinaiika pa desiki, ndipo sinandiphonyetse pepala ngakhale limodzi. Funsani kunyumba lero ngati kuli wotchi yakufa. Pemphani chilolezo, yalani mbale yoyera, ndipo muitsegule modekha.